Fungo la petulo pachikweza cha Honde

Amayi ndiwo anayamba kulimva fungolo. Tinali titanyamuka pa Hauna m'mamawa, nkhungu isanachoke m'minda ya nthochi, ndipo tinali pakati pa chikweza chokhotakhota chija chimene munthu amakwera akamatuluka m'chigwa cha Honde kukalowa mumsewu waukulu wa Mutare ndi Nyanga. Galimoto inali pa giya yachiwiri, ikubuula ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga, koma ine mtima unali m'malo, pakuti aka kanali koyamba kuti iyende ulendo wautali chiikonzereni. Kumbuyo, pampando umene usiku umasanduka bedi, amayi anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anati, "Mwanawe, taimitsa galimotoyi. Mukununkha petulo muno."

Ndinawayankha mwaulemu kuti galimoto zakale zimatero. Iwo anati, "Ndakwera galimoto imeneyi zaka zoposa 20 bambo ako ali moyo, ndipo sinanunkhepo chonchi. Imitsa."

Ndinapatukira pambali, n'kuzimitsa injini, ndipo ndinapita kumbuyo kukatsegula chitseko chake. Zimene ndinaona zinandiziziritsa nkhongono. Kapaipi ka mphira kochokera ku pampu kupita ku kabureta kanali katang'ambika pafupi ndi mapeto ake. Petulo anali atanyowetsa pamwamba ponse pa injini yotentha, ndipo wina anali kudonthera pambali penipeni pa distributa, pamene pamachokera mawaya a mapulagi. Pakanangothetheka moto pang'ono pa waya mmodzi, bwenzi nkhani ino akulemba ndi ena. Ndinawatsitsa amayi, n'kuwakhazika patali pamthunzi, ndipo kwa mphindi zingapo sindinathe kuyankhula.

Galimoto imeneyi ndi Volkswagen Kombi ya m'zaka za m'ma 1970, ya injini ya 1600 yokhala kumbuyo ndi yozizira ndi mphepo, mwa zija zinkalumikizidwa ku Uitenhage m'dziko la South Africa. Dzina loti kombi limene lero timatchulira minibasi iliyonse muno m'Zimbabwe linachokera ku galimoto za mtundu umenewu. Yathuyi inali yosiyana ndi zinzake chifukwa mkati mwake munali bedi, kabati, katebulo kopinda ndi kachitofu ka gasi. Mwini wake woyamba anali mkulu wina wa pa esiteti ya tiyi, amene ankapita nayo kukagona kutchire ndi banja lake pa tchuthi. Pamene ankachoka m'dziko muno chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anaigulitsa kwa bambo anga, amene anali dalaivala wake. Ana a pakomboni anaitcha nyumba yoyenda, ndipo dzinalo linakhala.

Bambo anali a ku Mulanje. Anabwera kuno m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, nthawi imene anyamata ambiri a kwathu ankatsika kumwera, ena kudzera mwa Mthandizi, ena paokha wapansi. Popeza tiyi ankamudziwa kuchokera kwawo, anayamba ntchito m'minda ya ku Chipinge, dera limene tiyi woyamba wa dziko lino anabzalidwa pa New Year's Gift m'zaka za m'ma 1920. Pambuyo pake anasamukira kuno ku Honde, m'munsi mwa phiri la Nyangani, kumene anaphunzira kuyendetsa thalakitala, kenaka lole. Amayi anawatsatira patapita zaka zingapo, ndipo ife tonse tinabadwira kuno.

M'manja mwa bambo, nyumba yoyenda ija sinapitenso ku tchuthi. Inanyamula mikoko ya nthochi ndi mapeyala kupita kumsika wa Sakubva ku Mutare. Inanyamula amayi oyembekezera pakati pa usiku, ndipo bedi lija linagwira ntchito imene mwini wake woyamba sanailoteko. Inanyamula maliro a anthu akwathu amene analibe abale kuno. Bambo ankanena kawirikawiri kuti tsiku lina idzatinyamula tonse kupita ku Mulanje, koma nkhondo ya ku Mozambique inatseka mtima wawo, chifukwa mpaka 1992 galimoto zinkadutsa njira ya Tete moperekezedwa ndi asilikali. Mtendere utabwera, panabwera za fizi ndi matenda. Anamwalira ulendowo usanachitike.

Chinthu chimodzi chimene ndinkawaseka nacho mumtima ndili mnyamata chinali chakuti mvula ikatha, chaka chilichonse chachiwiri, ankalowa pansi pa galimotoyo n'kuchotsa timapaipi tonse ta petulo, ngakhale tikuoneka tabwinobwino, n'kuikapo tatsopano. Ine ndinkaona ngati n'kutaya ndalama. Galimoto yosuluka utoto chonchija, bwanji osagula penti?

Bambo atapita, galimotoyo inayenda pang'ono, kenaka kunabwera zaka zovuta za 2007 ndi 2008, pamene mafuta anasowa ndipo ndalama inasanduka mapepala. Tinaikankhira pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Kumeneko inakhala zaka zoposa 10, nkhuku zikuikira mazira m'kabati, matayala ataphwa, mvula ya ku Honde ikuimenya chaka ndi chaka. Anthu angapo anafuna kuigula kuti akaphwasule, koma amayi ankakana. Tsiku lina madzulo, mliri wa Covid-19 utayamba kuchepa, anandiitana n'kunena kuti, "Maso anga akutha. Ndikufuna ndikaone manda a mayi anga ndisanagone. Basi sindingaithe. Undiperekeze pa galimoto ya bambo ako, kuti ndikatopa ndizigona."

Ndinayamba ntchitoyo ndi ndalama za nthochi. Ndinagula matayala, batire, mapulagi ndi oyilo. Ndinakonzetsa mabuleki. Ndinasoketsa mipando, ndipo ndinaipaka penti wobiriwira woti aliyense pa Hauna ankaima n'kuyang'ana. Timapaipi ta petulo ndinatiyang'ana ndi maso okha. Tinali tokutidwa ndi nsalu yolukidwa kunja kwake, ndipo nsaluyo inali yosang'ambika, choncho ndinati tili bwino. Kamodzi kokha kanali kothetheka kumapeto, ndipo ndinakadula pang'ono n'kukamanga ndi legeni. Injini italira tsiku loyamba, ana anavina, ine n'kudziona ngati katswiri. Safunsa anadya phula.

Tsiku la pachikweza lija ndinaimbira foni mkulu wina amene ankagwira ntchito limodzi ndi bambo ku galaja ya pa esiteti. Anabwera pa njinga yamoto ya mdzukulu wawo, atanyamula kachidutswa ka paipi m'thumba la jekete. Sanandikalipire. Anachotsa kapaipi kong'ambika kaja, n'kusenda nsalu yake ndi mpeni, n'kukapinda pamaso panga. Mphira wake unali wouma gwa, wodzaza ming'alu ngati dothi la padambo m'mwezi wa Okutobala. Anati, "Mwana wanga, nsaluyi imabisa matenda. Paipi ya petulo saiyang'ana, amaipinda." Kenaka analoza pansi pa galimoto n'kuwonjezera kuti ndinachita mwayi kuti kanang'ambika ndi ka pamwamba. Pa Kombi thanki imakhala m'mwamba, kutsogolo kwa injini, kotero kuti paipi yochokera pansi pa thanki ikaphulika, petulo amangotsika yekha ngakhale injini yazimitsidwa, mpaka thanki yonse ya malita pafupifupi 60 itatha. Anandiuzanso kuti thupi la injini ya 1600 ndi lachitsulo chopepuka chotchedwa magnesium, chimene chikagwira moto madzi sachizimitsa, m'malo mwake amaukolezera.

Tinadikira kuti petulo wotayika aume, tinaika kachidutswa kawo, ndipo tinatsika pang'onopang'ono kubwerera ku Hauna. Milungu itatu yotsatira ndinaithera pansi pa galimoto limodzi ndi mkuluyo, ndipo zimene ndinaphunzira ndi zimene ndikufuna kugawana ndi alimi ndi alangizi anzanga.

Choyamba ndi chakuti petulo amene timagula ndi wosakaniza ndi ethanol, mowa wopangidwa kuchokera ku nzimbe. Izi si zachilendo. Zimbabwe inayamba kusakaniza ethanol wa ku Triangle mu 1980 ndipo inapitiriza mpaka chilala cha 1992, pomwe Malawi inayamba mu 1982 ndi ethanol wa ku Dwangwa. Mu 2013 boma la Zimbabwe linalamula kuti kusakaniza kuyambirenso, pogwiritsa ntchito makamaka ethanol wa ku Chisumbanje m'boma lomwelo la Chipinge. Linayamba ndi magawo 5 pa 100 alionse, kenaka 10, kenaka 15, ndipo m'zaka zotsatira mlingowo wakhala ukufika pa 20, n'kumatsika nthawi zina malinga ndi nyengo ya nzimbe. Ethanol ali ndi ubwino wake, pakuti amachepetsa mafuta ogula kunja ndipo amapatsa anthu ntchito. Koma mwini injini yakale ayenera kudziwa makhalidwe ake atatu. Amalowa m'mphira wa mtundu wakale n'kuufufumitsa, ndipo pakapita nthawi mphirawo umauma n'kusweka. Amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madziwo akachuluka amalekana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene amayambitsa dzimbiri. Pomaliza, amasungunula litsiro lakale limene linamatirira m'thanki, n'kulikankhira m'mapaipi ndi mu kabureta. M'dera lamvula ndi nkhungu ngati Honde, vuto la chinyezi limakula msanga. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake bambo, amene anayendetsa galimotoyi m'zaka za ethanol wa ku Triangle, sankadikira kuti paipi ionetse ming'alu. Wolakwa ndinali ine, amene ndinathira petulo watsopano m'mapaipi amene anauma kwa zaka zoposa 10.

Chachiwiri ndi chakuti si paipi iliyonse yakuda imene ili ya petulo. Paipi ya madzi, ya mpweya kapena ija yapulasitiki yoonekera mkati imene amisiri omanga nyumba amayezera nayo levulo, imalowa bwino pa kabureta ndipo imagwira ntchito kwa milungu ingapo, kenaka imauma kapena kusungunuka. Paipi yeniyeni ya mafuta imakhala ndi zilembo m'mbali mwake. Zolembedwa SAE J30 R6 kapena R7 ndi za injini za kabureta, pomwe ya SAE J30 R9 ili ndi chikopa china chamkati chimene chimapirira ethanol kwa nthawi yaitali. Yotereyi ndinakaipeza ku Mutare nditalowa m'masitolo angapo. Inali yokwera mtengo kuposa zinazo, komabe yokwanira galimoto yonse sinafike pa mtengo wa tayala limodzi. Muyeso nawo ndi wofunika. Timilomo ta pampu ndi kabureta ya Kombi timafuna paipi ya bowo la mamilimita 5.5, koma m'masitolo ambiri mumapezeka ya kota ya inchi, imene ndi mamilimita 6.35. Kusiyana kwake n'kochepa pamaso, koma yaikuluyo imakhala yokhwepa, ndipo ngakhale muimange chotani imadzadontha.

Chachitatu ndi kamangidwe. Legeni limene ndinagwiritsa ntchito limasungunuka likakhudzana ndi petulo, ndipo waya wamba amadula mphira. Pamafunika timakilampu tating'ono ta muyeso wa paipiyo, tomangidwa mokwanira koma osati mpaka kulowa m'mphira. Mkulu uja anandionetsa kamlomo kamkuwa kolowetsa petulo mu kabureta, kamene sikakhala ndi mazinga koma kamangokhomeredwa. Ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri kamatha kuzuka, paipi n'kumapopera petulo pa injini. Kathu kanali katayamba kale kugwedera. Anakalimbitsa, n'kukamangirira ku thupi la kabureta ndi waya wopyapyala wodutsa pa kilampu. Fyuluta yapulasitiki imene ndinali nditaipachika pakati pa pampu ndi kabureta anaichotsapo, chifukwa kulemera kwake n'kumene kumakoka kamlomo kaja, ndiponso pamenepo m'potentha. Tinaisamutsira pansi pa thanki, kunja kwa chipinda cha injini. Pamene paipi yachitsulo imadutsa pa bowo la lata lotchinga injini, kamphira kotetezera kanali katagwa kalekale, ndipo lata linali litadya chitsulocho mpaka kutsala pang'ono kuboola. Paipi imeneyo tinaisintha, n'kuika kamphira katsopano.

Chachinayi chinali thanki. Tinatsitsa injini kuti tiifikire, ndipo titaitulutsa munatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri lodzaza chikho. Tinaitsuka ndi timiyala toyera ndi parafini, kuigwedeza mosinthana kwa tsiku lathunthu, n'kuiyanika padzuwa. Sitinayandikize moto kapena makina owotcherera, chifukwa thanki yopanda petulo koma yodzaza nthunzi yake imaphulika koposa yodzaza. Kuseri kwa thankiyo tinapezanso paipi yaikulu ya pakhosi pothirira mafuta ndi timapaipi topumira, zonse zitasweka. Zimenezi n'zimene zimalowetsa fungo m'galimoto thanki ikadzaza kapena pokhota. Pomaliza tinasintha paipi ya kachitofu ka gasi, n'kupaka madzi a sopo polumikizira ponse kuti tione ngati patuluke thovu.

Pa ntchito yonseyi mkuluyo anali ndi malamulo ake amene sankalola kuwaphwanya. Waya wa negetivi wa batire ankayamba wachotsedwa. Ntchito inkachitikira panja, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya ndipo imayenda pansi ngati madzi mpaka itapeza moto. Pambali pankakhala ndowa ya mchenga. Titamaliza anandigulitsa chozimitsira moto cha ufa, n'kundiuza kuti ndichimangirire pafupi ndi mpando wa dalaivala, osati kumbuyo kumene moto ungayambire. Anatinso utsi ukadzatuluka ku injini, ndidzayambe ndatulutsa anthu, ndipo ndisadzatsegule chitseko chonse nthawi imodzi, chifukwa mpweya wolowa umadyetsa moto.

Tsiku limene tinkachotsa mpando wakutsogolo kuti tiike chozimitsira motocho, tinapeza kabuku ka sukulu katakulungidwa m'pepala lapulasitiki. Munali zolemba za bambo, za pensulo: tsiku, makilomita, ndi chimene anasintha. Oyilo, mapulagi, lamba wa fani, mabuleki, ndipo chaka chilichonse chachiwiri, mapaipi a petulo. Ndinatsegula masamba onse kufunafuna pamene analemba za penti, koma sindinapapeze. Nditawaonetsa amayi, anakagwira nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anati ndipitirize kulemba pamene bambo analekezera.

Tinanyamuka m'nyengo yozizira ya 2022, malire atatsegulidwanso. Tinatulukira pa Forbes kulowa Machipanda, n'kukhotera kumpoto kudzera ku Catandica ndi Changara mpaka Tete, kumene kutentha kwa chigwa cha Zambezi kunandichititsa kuima kawirikawiri kuti injini ipume. Poima paliponse ndinkatsegula kumbuyo, kununkhiza, n'kupititsa chala pansi pa polumikizira paliponse. Chala chinkabwera chouma. Tinalowa m'Malawi kudzera pa Zobue ndi Mwanza, n'kudutsa Blantyre ndi minda ya tiyi ya Thyolo. Amayi anagona pabedi lija mbali yaikulu ya ulendo, koma phiri la Mulanje litayamba kuoneka anadzuka n'kukhala tsonga. Mawa lake achibale anatitsogolera kumanda, ndipo amayi anasesa okha pamanda a mayi awo.

Ambiri mwa owerenga alibe nyumba yoyenda, koma pafupifupi m'mudzi uliwonse muli injini ya petulo imene anthu amadalira: pampu yothirira mbewu kudimba, njinga yamoto ya mlangizi, jenereta ya kuchipatala chaching'ono, kapena kagalimoto kakale kamene kamathamangitsira odwala usiku. Zonsezi zili ndi kapaipi kofanana ndi kaja kanang'ambika pachikweza. Magulu athu akalandira makina, timakambirana za mafuta ndi za woyendetsa, koma kawirikawiri m'ndondomeko ya ndalama simukhala mzere wa timapaipi, makilampu ndi fyuluta. Ndikupempha makomiti kuti mzerewo aziuika, ndiponso kuti pakhale kabuku ndi munthu mmodzi wodziwika wolembamo. Kamodzi pamwezi, injini itazizira, wina apinde paipi iliyonse ndi zala kuti aone ngati yauma, yafufuma kapena yachita ming'alu. Pampu ikamakasungidwa nyengo ya dimba itatha, petulo achotsedwe m'thanki ndi mu kabureta, chifukwa wosakaniza ndi ethanol sachedwa kuwonongeka akakhala miyezi. Mafuta ogula m'zigubu azisefedwa asanathiridwe. Ndipo wina akanena kuti akumva fungo la petulo, kaya ndi mwana kaya ndi gogo, injini izimitsidwe kaye, zokambirana zibwere pambuyo.

Nyumba yoyenda ija inabwerera ku Hauna ndipo yayambanso ntchito zake zakale za nthochi ndi odwala. Penti wobiriwira uja wayamba kale kusuluka padenga. Mvula ya chaka chino itatha ndinalowa pansi pake ndi mwana wanga wamkazi, amene ali ndi manja ang'ono okhoza kufika pamene anga safika. Tinasintha mapaipi onse, ndipo iye ndiye analemba tsikulo m'kabuku ka agogo ake.